Misomali ya kwa Earlene

Ndinafika ku Bahia Larga kutada kale. Inali Januwale, dzuwa likulowa msanga. Msewu unali umodzi basi, mchenga uku, madambo a mchere uko. Patali cha kunyanja, nsanja youlutsira maroketi inkaphethira magetsi ofiira.

Sindikonda matauni ang'onoang'ono. Ndinakulira ku Chicago, m'phokoso. Upolisi ndinausiya kalekale. Masiku ano ndimangoyenda pa galimoto zobwereka, kufufuzira maloya zimene iwo alibe nthawi yofufuza. Dzina langa ndi Lyle Marchetti.

Nkhani yake aliyense ankaidziwa. Chaka chathachi chombo cha kampani ya Stroud-Akers chinanyamuka pano ndi anthu atatu. Chisanabisike n'komwe m'mitambo, chinaphulika. Ofufuza anapeza pamene panayambira ngozi: chigamba chachitsulo, kukula kwake ngati mbale yodyera, chimene chimatchinga paipi ya mafuta kuti moto wa injini usaifike. Chigambacho chinabooka. Moto unafika pa paipi.

Kampani inati zigamba zotere zinali zisanavutepo chiyambire. Inati chimodzi chokhachi ndicho chinamangidwa molakwika. Amene anachimanga anali injiniya wina, mayi Imelda Treviño. Tsopano ankaimbidwa mlandu wopha anthu atatu chifukwa chosasamala ntchito. M'mawa mwake ankayenera kukaima kukhoti la mumzinda, kukavomera mlanduwo kuti zaka za kundende zichepeko.

Loya wake anandiimbira nthawi itatha kale.

"Imelda akuti zigamba zakale ankazipachika pa khoma la bala inayake," anatero. "Akuti zonse zinali zopserera, ndipo china chili ndi siginecha ya bwana wamkulu wa maulendo. Ndipezereni ngakhale chimodzi, a Marchetti. Mukachipeza, mawa savomera kanthu."

*

Bala ija inali kumapeto kwa msewu, pafupi ndi doko la asodzi. Mkati munkanunkhira msuzi wa therere ndi nkhanu. Amuna anayi ovala majekete a kampani anandiyang'ana, n'kubwerera ku mabotolo awo.

Mwini wake anali Earlene Boudreaux, mayi wathupi, imvi zake atazimanga ndi pensulo.

"Nsapato zimenezo si zakuno," anatero. "Ndinu mtolankhani kapena wa boma? Atolankhani amalipiriratu."

"Ndatumidwa ndi loya wa Imelda."

Mabotolo anayi anatera pa tebulo nthawi imodzi. Amuna aja anatuluka mmodzimmodzi, mowa usanathe.

"Mwandithamangitsira makasitomala," anatero Earlene. "Khalani apa, bwanawe. Idyani kaye. Mukuoneka ngati galu wa pa siteshoni."

Ndinakhala. Kumbuyo kwake khoma linali ndi mzere wa misomali, wautali ndithu. Pansi pa msomali uliwonse panali malo owala, pamene utsi sunafikepo.

"Matositi anga anali pamenepo," anatero, asanatembenuke n'komwe.

"Matositi?"

"Inu simudziwa kanthu eti? Roketi ikaponya chombo kumwamba, mbali yam'munsi ija imabwerera, n'kutera pabwalo pake. Anthu amaiyang'ana, amachotsa chigamba chakale, amaika chatsopano. Chakalecho ndi chotaya. Ndiye tsiku lina Wade, malemu Wade Thibodeaux, woyendetsa chombo wamkulu amene anafera pa ngozi ija, anabwera nacho kuno. Chinali chofiirira pang'ono m'mbalimu, ngati buledi wowotcha bwino. Akuti, ‘Earlene, tositi yako iyi, paka batala.’ Tinaseka mpaka misozi. Anasainapo, ine n'kukhoma msomali. Basi unakhala mwambo. Ulendo ukatha bwino, tositi pa khoma, aliyense asaine, botolo loyamba laulere."

"Onse anali ofiirira pang'ono?"

"Oyambirirawo. Kenako akuda bii. Kenako opindika." Analoza msomali wakumapeto. "Yomalizayo chala changa ichi chinkalowa."

"Simunachite mantha?"

"Ine ndimagulitsa mowa, bwanawe. Eni ake a roketi akuseka, ine ndizilira ndili ndani?"

"A Hollis Vandermeer, mkulu wa maulendo. Anasainapo?"

"Pa yobookayo. Analemba kuti, ‘Yapsa koma yafika.’ Apolisi ndinawauza. A Vandermeer anati mayi wa pa bala waledzera ndi mowa wake womwe. Onse amene ankamwa muno anaiwala tsiku limodzi. Musawadabwe. Tauni ino imadya kwa Stroud-Akers. Popanda matositi, ine ndine nkhalamba yolongolola basi."

"Anasowa liti?"

"Usiku woti mawa tikaika Wade. Ndinatseka alipo. Ndinatsegula palibe. Loko sanathyole. Mowa sanakhudze. Anangotenga matositi ndi nsalu zanga ziwiri za patebulo, zofiira, zatsopano. Zimenezo ndiye zimandipweteka."

"Makiyi ali ndi ndani?"

Anasolola chingwe pakhosi pake. Kiyi anali womangiriridwa ku kankhanu kofiira kapulasitiki.

"Uyu ndi wanga. Mnzake anali wa Wade. Ankabwera m'mamawa kudzadzipangira khofi, ati wa kuntchito amamveka sopo. Ndiye anapita naye kumwamba, kaya."

Ndinayang'ananso khoma lija. Munthu wofuna kuwononga umboni amauponya m'thumba la zinyalala. Saufunda nsalu ngati khanda.

"Misomaliyi bwanji simunazule?"

Earlene anapukuta kauntala pamalo pouma kale.

"Akuulutsanso mwezi wamawa," anatero.

*

Nyumba ya a Vandermeer inali pamwamba pa mizati, kuyang'ana kunyanja. Ndinawapeza pansi pake, akukonza ndodo yowedzera. Munthu wamtali, wometa bwino. Ankalankhula ngati akuwerenga.

"Bambo Marchetti, choyamba ndinene kuti tonse ku kampani tikumva chisoni ndi zimene zikuwachitikira mayi Treviño."

"Matositi," ndinatero.

"Pa zipangizo zathu palibe chotchedwa dzina limenelo."

"Pa khoma la Earlene."

"Ndimamwako khofi mwa apo ndi apo. Makoma sindiwerenga."

"Usiku woti mawa maliro a Wade munali kuti?"

Anamwetulira. "Funso labwino, ndipo yankho lake dziko lonse linaliona pa kanema. Ndinali ku Washington, ndikuyankha mafunso. Ndinatsika ndege m'mawa, n'kulunjika kutchalitchi, suti yake yomweyo."

Zinali zoona. Inenso ndinawaona, ndili mu hotela inayake ku Denver.

"Mukanatha kutuma munthu."

"Munthu wotumidwa ndi ine akanabanso nsalu za patebulo?"

"Mwati simudziwa kanthu."

"Tauni ndi yaing'ono. Earlene amadandaula za nsalu zake kwa aliyense wogula botolo." Anazunguliza ulusi pa chala. "Ndikufunseni, mongoyerekeza chabe. Chinthu chikalowa pamoto n'kubwerako, chikalowanso n'kubwerakonso, kangapo konse, inu mumati chiyani?"

"Ndimati chatsala pang'ono."

"Ife timati chapirira. Umenewo ndi umboni, bambo Marchetti. Ulendo uliwonse umatiphunzitsa kuti malire ali patali kuposa mmene tinkaganizira. Wofuna kuyenda popanda chiopsezo akwere basi."

"Mpaka malirewo munawapeza."

"Tinapeza chigamba chomangidwa molakwika. Khoti lidzanena."

Anatambasula dzanja kuti atenge mpeni pa shelefu. Nkhope inakwinyika. Anagwira phewa lakumanja.

"Ukalamba?" ndinafunsa.

"Maliro a Wade. Ndinagwira nawo bokosi, kutsogolo kumanja. Tinalipo asanu ndi mmodzi, koma thukuta linatituluka. Kuyambira tsiku limenelo phewali silinakhalenso bwino."

Apa pokha ndi pamene analankhula ngati munthu.

Ndinawathokoza. Ndinalowa m'galimoto, ndinaliza injini, kenako ndinaizimitsa. Nyuzi zonse zinalemba chinthu chimodzi chaka chatha: anzake awiri aja nyanja inawabweza, koma Wade ayi. Ngakhale nsapato yake sinapezeke.

Nanga bokosi lopanda mtembo limalemera ndi chiyani?

*

Corinne Thibodeaux, mkazi wa malemu, anatsegula chitseko atanyamula basiketi ya zovala. Anali wowonda, maso otopa. Kumtunda kunkamveka kanema ndi ana akukangana. Ndinamuuza amene wandituma. Anapatuka pakhomo.

Pafupi ndi chitseko panali mbedza zokolekapo makiyi. Pa mbedza yakumapeto panalendewera kankhanu kofiira kapulasitiki.

Anaona kuti ndaona.

"Munthu sakwera roketi ndi kiyi wa kubala," ndinatero.

"Ayi," anayankha. "Amausiya m'thalauza."

Anakhala pa mpando n'kuyamba kupinda zovala. Sanandipatse mpando. Ankalankhula motsitsa, chifukwa cha ana.

"Anandibweretsera bokosi lopanda kanthu. Akuti ndiikemo yunifolomu ndi chithunzi. Ana anga akakwirire chithunzi? Zitsulo za pa khoma la Earlene zija zinali ndi dzanja lake. Chilichonse. Nthabwala zake, kalembedwe kake koipa kaja. Ndinapita ndi kiyi wake, ndinazitenga, n'kukaziika m'bokosimo. Wa kunyumba ya maliro ndi msuweni wanga, sanandifunse kanthu."

"Nsalu zija?"

"Kuti zisalire m'tchalitchi." Anapinda malaya a mwana. "Zinalirabe. Pa masitepe."

"Mayi, zitsulo zimenezo zingamupulumutse Imelda."

"Ndikudziwa."

"Munkadziwa nthawi imeneyo?"

"Ayi. Nthawi imeneyo palibe ankatchula dzina la Imelda. Ndinadziwa patapita miyezi."

"Woweruza angalamule kuti afukule manda. Pangofunika munthu mmodzi wolumbira kuti zili mmenemo."

"Sindilumbira."

"Mawa m'mawa akukavomera mlandu umene sanapalamule."

"Ndati sindilumbira, bambo." Manja ake anasiya kupinda. "Munaiona tositi yomalizira ija? Simunaione. Wade anajambulapo nkhope. Maso awiri, mphuno, ndipo bowo lija ndilo pakamwa, pakuseka. Anajambula, anamwa botolo lake laulere. Kenako anakwera chombo, n'kukwezanso anthu ena awiri. Mmodzi anali mtsikana, ulendo wake woyamba. Mayi ake amandiimbira Lamlungu lililonse, timalira limodzi pa foni. Mukufuna aione nkhope imeneyo pa kanema?"

Anayambanso kupinda zovala.

"Sukulu imene ana anga amaphunzirako anaitcha dzina la bambo awo. Amalowa pansi pa dzinalo m'mawa uliwonse. Ndi chokhacho chimene chawatsalira."

"Ndipo Imelda?"

"Imelda ndiye anamuimira mwana wanga wamkazi pa ubatizo." Anaponya malaya m'basiketi. "Musandiuze za Imelda. Ndimamudziwa kuposa inu. Mukakanena kuti ndanena zimenezi, ndikakana. Ndikati munabwera mutaledzera kuchokera kwa Earlene."

Kumtunda mwana anaitana, "Amayi, ndi ndani?"

"Palibe, mwanangu. Ndi bambo ena asochera njira." Anaimirira. "Mutseke geti. Galu angatuluke."

*

Ndinamuimbira loya ndili pa msewu. Anamvetsera zonse. Anapuma mozama.

"Tilibe kanthu," anatero.

"Tili ndi manda."

"Tili ndi phewa la munthu wokalamba ndi nkhanu yapulasitiki. Palibe woweruza mu Texas muno amene angafukule ngwazi chifukwa cha mawu a munthu amene ndamulemba ganyu. Popanda lumbiro la mayiyo, fosholo siikhudza dothi. Pitani kwa Imelda. Mwina iye angamunyengerere."

*

Imelda Treviño ankakhala kuseri kwa tchalitchi, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Katundu yense anali m'makatoni, katoni iliyonse yolembedwa dzina la woilandira. Anali wamfupi, magalasi akuluakulu, manja a zipsera. Anandipatsa khofi m'kapu imene inatsala kunja kwa makatoni.

Ndinamufotokozera. Sanadabwe ngakhale pang'ono.

"Ine ndinali kumbuyo kumanzere," anatero.

"Kumbuyo kwa chiyani?"

"Kwa bokosi. Corinne anandipempha ndigwire nawo. Pa masitepe ndinamva. Chitsulo chimenecho ndachigwira zaka zambiri, a Marchetti. Kulira kwake ndingakudziwe ndili mtulo."

"Ndiye mwakhala mukudziwa chaka chonse? Bwanji simunamuuze loya wanu?"

"Ndinamuuza za khoma. Khoma ndi la tonse. Manda ndi a Corinne."

"Mungalumbire kuti munamva."

Anaseka pang'ono. "Woimbidwa mlandu akulumbira kuti anamva chitsulo chikulira m'bokosi la maliro. Inu munali wapolisi. Mukanalemba zimenezo?"

Sindikanalemba.

"Pitani mukamupemphe Corinne," ndinatero.

"Ndapita kangapo. Ndimafika pa geti. Mwana wanga wa ubatizo amathamangira kudzandikumbatira. Ndimufunse chiyani mayi ake, mwanayo atandigwira m'chiuno? Ndinati ndidikire abwere yekha."

"Chigamba chija munamanga bwino?"

"Kuposa zonse zimene ndinamangapo. Ndinali ndi mantha, ndiye ndinayesa, n'kuyesanso. Vuto silinali kamangidwe. Injini ankaziwonjezera mphamvu ulendo uliwonse, chigamba chili chomwecho."

"Munanena?"

Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi malaya.

"Tsiku loti mawa tiulutse, timakhala mozungulira tebulo. Amaitana gawo lililonse la ntchito. Umayankha mawu amodzi: tipite, kapena tiime. Wonena kuti tipite safunsidwa kanthu. Wonena kuti tiime amafunsidwa umboni wakuti chombo chiphulika. Umboni umenewo ungautenge kuti chisanaphulike? Ine ndinakweza dzanja. Ndinati bowo lija likundidetsa nkhawa. A Vandermeer anati, ‘Imelda, nkhawa ndi nambala yanji?’ Anthu anaseka. Wade ananditsinzinira diso limodzi, ngati akuti usavutike, mlongo wanga. Mwini wake wokwera akuseka. Atafika pa dzina langa, ndinati tipite."

"Onse anati tipite."

"Onse. Koma sipanala inali m'manja mwa munthu mmodzi."

Ndayendapo m'milandu yambiri. Nthawi zonse pamakhala khomo lina loti ugogode. Ndinakhala pa katoni, ndikufunafuna khomo limenelo m'mutu. Earlene ananena kale, sanamukhulupirire. A Vandermeer anali pa kanema. Msuweni wa kunyumba ya maliro sangapereke m'bale wake. Amuna a majekete aja anasiya mowa pofuna kuthawa dzina chabe. Wakuba ndinamupeza. Katundu ndinadziwa pamene ali. Zonsezo sizinathandize munthu.

"Galimoto ndinagulitsa," anatero Imelda. "Mawa mundiperekeze. Koma tidzadutsire kwa Corinne."

*

Tinanyamuka kusanache bwino. Kunali nkhungu. Imelda anavala diresi lakuda, chikwama chaching'ono pamiyendo. Anagula khofi wa anthu atatu pamalo omwetsera mafuta. Sindinamufunse za kapu yachitatuyo.

Ndinaimika galimoto moyang'anizana ndi geti. M'khitchini munali kuyaka getsi. Kuseri kwa katani kunali mthunzi wa munthu, utaima, osasuntha.

"Ndilize hutala?"

"Ayi. Ana akugona."

"Ndipite ndikagogode."

"Watiwona, a Marchetti. Akudziwa tsiku lake. Khalani."

Tinakhala. Galu anabwera pa geti, anagwedeza mchira atamuona Imelda, kenako anagona pansi. Lole ya zinyalala inadutsa. Nthunzi inasiya kutuluka m'kapu yachitatu ija. Ine maso anali pa chitseko. Ndinapezeka ndikupemphera, ine amene ndinasiya kalekale.

Mthunzi uja unasuntha. Imelda anagwira chotsegulira chitseko cha galimoto.

Getsi linazima.

Anachotsa dzanja pang'onopang'ono, n'kulibwezera pa chikwama.

"Tiyeni," anatero. "Woweruza sakonda ochedwa."

Msewu wotuluka m'tauni umadutsa pa manda. Imelda sanayang'aneko. Ine ndinayang'ana. Mwala wa Wade unali wautali kuposa yonse, timbendera tating'ono titazungulira. Udzu unali utamera bwino, wometedwa.

Kutsogolo kwake kunayamba mpanda wa waya wa kampani. Nkhungu inali ikuyera. Pa nsanja panaima roketi yatsopano, yoyera mbee, anthu ovala zipewa zolimba akuizungulira m'munsi ngati nyerere. Apa ndiye Imelda anatembenuka. Anaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pa injini.

"Chigamba anasintha?" ndinafunsa.

"Anasintha womanga."

Ndinaponda mafuta. Nsanja inayamba kuchepa pa galasi. Iye ankayang'anabe kumbuyo.

"Ndinamuphunzitsa ndine," anatero. "Ali ndi ana awiri. Amamanga bwino kwambiri."